Ulendo wa ku Roma Wodzera ku Katete

Ndege yathu ya ku Roma inali yonyamuka pa Lusaka Lamulungu madzulo. Ine ndi akazi anga, aNabanda, tinatseka chitseko chathu ku Kitwe Lachiwiri m'mawa, masutikesi awiri m'manja, koma mitu yathu inaloza ku Katete. Aliyense amene anaonako mapu akudziwa kuti njira ya ku Roma sidzera kumeneko.

Zinali zaka zija mkuwa uli pa mtengo, mbendera yatsopano isanasuluke. Ine ndinali kapitawo wa gulu loika mitengo yochirikiza denga pansi pa mgodi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mwezi unkatha m'thumba muli kanthu. Wansembe wa parishi yathu atalengeza kuti akutenga akhristu okaona Roma, aNabanda anandigwira pamkono tili m'tchalitchi momwemo. Iwo anabadwira mu Chiroma. Ine ndinabadwira mu mpingo wa Adachi, ku Mchinji, ndipo ku Chiroma ndinawatsatira aNabanda ndili wamkulu kale. Abale anga sanasiye kuwatchula kuti "Mroma uja".

"Poti anditcha Mroma moyo wanga wonse," anatero tikutuluka, "ndikakuoneko kwathuko ndisanafe."

Zokonzekera ndinazitenga ine. Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu, ya madzulo ya pa mgodi, choncho chinthu cholembedwa ndimachilemekeza kuposa amene anaphunzira ali ana. Wansembe anandipatsa mapu a mzindawo, ndipo miyezi yonse yozizira ndinkawayala patebulo kunyumba kwathu ku Luangwa, komboni yathu ya ku Kitwe. Pakati pa Roma pamadutsa mtsinje. Ndinatenga cholembera chofiira n'kuzunguza mlatho uliwonse umene tidzawoloke, n'kuika mtanda pa nyumba zikuluzikulu. Koma chimene ndinkafuna ine si nyumbazo ayi. Ndinawerenga kuti kunsi kwa mzindawo kuli tinjira tokumbidwa ndi manja, m'mene akhristu akale ankaika akufa awo, ndipo denga lake silinagwe mpaka lero. Ndinkafuna kukaona ndi maso anga kuti analigwiriza bwanji popanda mtengo.

Ndinagula kamera kwa Mmwenye ku Ndola. Ndinasoketsa suti. Mtaliyana wina wokonza malole chakufupi ndi komboni ya Twapia ku Ndola anandiphunzitsa mawu angapo a kwawo, koma anati lofunika ndi limodzi: peremeso. "Ameneyo ndiye odi wa kwathu," anatero. "Polowa, podutsa, pochoka, ukangonena limenelo anthu akupatsa njira." Ndinkalibwereza potsika mu mgodi mpaka anyamata anga anayamba kunditchula dzina lomwelo.

Zonse zitatheka, aNabanda anapinda chitenje chawo chomaliza, natseka sutikesi, nati, "Koma ine sindikwera ndege osalawira amayi."

Apa ndinene pang'ono za kumbuyo. Ndinakwatira ku Katete ndipo, monga mwambo ulili, ndinakhala kwa akazi pa chikamwini, kulima munda wa apongozi. Anzanga ankabwera kuchokera ku migodi ndi njinga ndi nsapato. Ndinapempha kuti nditenge mkazi wanga, apongozi anakana. Ndinapemphanso chaka china, anakananso. Tsiku lina kunamveka kuti lole yotenga anthu a ntchito yaima pa msewu. ANabanda anatuluka m'mamawa ndi mtsuko ngati akupita kumadzi, ine ndinadzera kumunda, tinakumana pa chitsime. Mtsuko tinausiya pomwepo. Lole sikanatidikira. Ndimanena zimenezo mpaka lero, ndipo ndi zoona. Chichokereni tinali tisanapondekonso. Ana anabadwa, ntchito inachuluka, msewu unali wautali. Mlamu wanga Damiano, mlongo wawo wa aNabanda, ankabwera ku Kitwe n'kubwerera ndi mabulangete ndi shuga. Apongozi ankalandira, koma mawu osabweza.

"Tingotumiza uthenga," ndinatero.

"Uthengawo ukagwada pakhomo?"

"Nanga tikachedwa?"

"Mwawerenga mapu a ku Roma miyezi yonseyi. Werenganinso a ku Katete."

Ndinawerengadi, ndipo pa pepala zinaoneka zotheka. Lachitatu madzulo tili ku Katete, Lachinayi kulawira, Lachisanu kubwerera, Loweruka kupumula pa Lusaka n'kukumana ndi anzathu a parishi, amene anali kudzabwera pa sitima.

Basi inatuluka pa Kitwe mochedwa, n'kukaimanso pa Ndola kudikira kuti idzaze. Kondakitala ankakuwa kuti kwatsala anthu awiri, dalaivala n'kuliza injini ngati akunyamuka, kenako n'kuzimitsa, kupita kukamwa tiyi. Suti ija ndinachita kuivala poopa kuti ikwinyika m'sutikesi, ndipo thukuta linayamba kuyenderera kumsana tisanaone n'komwe Kapiri.

Pa Kapiri panakwera mayi wina wa Chibemba, bana Mulenga, ndi matumba a nsomba zouma zokasinthanitsa ndi mtedza ku Petauke. Anakhala pambali pathu, nayang'ana suti, nayang'ana kamera, namvetsera Chinyanja chathu. Abemba ndi ife a kummawa timanyozana mwachibale, iwo kutinena kuti timadya mbewa, ife kuti amadya anyani, ndipo wokwiya ndiye amasekedwa.

"Mukwai, kuli ukwati?"

"Tikupita ku Roma."

"Roma wa ku Lusaka, kuja akumanga nyumba mabwana?"

"Roma weniweni, kutsidya kwa nyanja."

"Ndiye mbewa mwanyamula? Chifukwa Apapa sadzakukumbirani."

"Tikafunsa ngati kuli anyani," anatero aNabanda, "tidzakutengereniko mwendo."

Pofika pa Kabwe awiriwo anali akudyera m'pepala limodzi. Kutsogolo pang'ono tayala linaphulika, ndipo jeke anachita kukabwereka kwa lole yodutsa. Tinalowa mu Lusaka kutada, n'kukagona kwa mnansi wathu ku Matero. Mpaka apo zonse zinali zikuyenda monga pa pepala.

Lachitatu tinafika pokwerera basi tambala atangosiya kulira. Basi ya kummawa inalipo, katundu ali kale padenga, koma kunsi kwake kunkaoneka miyendo ya anthu awiri. Anati chitsulo china chathyoka, ndipo wina wapita kukachiwotcherera.

"Inyamuka nthawi yanji?" ndinafunsa kondakitala.

"Manjemanje, mdala."

Ndinafunsanso cha m'ma teni koloko. Manjemanje. Ndinafunsa dzuwa lili pamutu. Manjemanje. Liwu limenelo ndinalida kuyambira tsiku lomwelo. Ndinazungulira basiyo kosawerengeka. Ndinagwada kusuzumira kunsi, m'modzi wa amakanika aja n'kundifunsa ngati ndikufuna sipanala. Ndinatulutsa mapu, ndinawabwezera m'thumba, ndinawatulutsanso. Ndege ikadutsa kumwamba ndinkaitsatira ndi maso mpaka italowa m'mitambo, mtima ukunena kuti mwina asintha tsiku osatiuza. Pamene ndinkachita zonsezi aNabanda anali atayala chitenje pa mthunzi wa khoma, akuluka tsitsi la bana Mulenga.

Madzulo wowotcherera uja anabwera chimanjamanja, nati magetsi anazima.

"Tsiku lathunthu lapita," ndinatero.

"Lapita kuti? Ine ndaliona lili pompano," anatero aNabanda. "Khalani pansi, a Mwale, mukutopetsa anthu."

Tinanyamuka Lachinayi. Masiku amenewo phula anali asanafike konse. Tinkayenda pang'ono pa msewu wabwino, kenako chikwangwani n'kutikhotetsera ku kanjira ka fumbi ka pambali, fumbi lolowa ndi m'makutu momwe. Titadutsa Rufunsa tinayamba mapiri. Injini inawira pa chitunda choyamba, ndipo amuna tonse anatitsitsa kuti tikwere wapansi, basi ikutitsatira m'mbuyo ngati ng'ombe yodwala. Inawiranso pa chachiwiri. Madzi a m'chigubu atatha, kondakitala anayamba kupempha mabotolo a anthu. Ku Manenekela, kumene msewu umayenda m'mphepete mwa phompho, mayi wina anayambitsa nyimbo ya maliro, ena n'kumuletsa. Ine za phompho sindinazione bwino. Maso anga anali pa wotchi.

Tinafika pa mlatho wa Luangwa dzuwa litapendeka. Kutsidya kwa malire kunali nkhondo ndi Apwitikizi, choncho mlathowo unkalondedwa ndi asilikali, ndipo kukada ankautseka. Aliyense anatsika ndi katundu wake n'kuima pa mzere. Ena anali atabisa kale mawayilesi awo. Ine palibe anandiuza kanthu. Ndinaima pamenepo ndi suti, kamera ikulendewera pachifuwa.

Msilikali wake anali wamng'ono kwa mwana wanga Lukasi.

"Mdala, muchokera kuti?"

"Ku Luangwa."

Anacheuka nayang'ana mtsinje, n'kundiyang'ananso ine.

"Nanga pano ndi pati?"

"Pa Luangwa."

"Ndiye muchokera kuti?"

"Ku Luangwa, mwana wanga. Wa ku Kitwe."

"Mtsinje wa ku Kitwe ndi Kafue. Ndinapitako ku sukulu, musandione chabe. Muyenda kuti?"

"Ku Roma."

Anayang'ana chikwangwani cha basi, cholembedwa Chipata. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anandipisa m'thumba la jekete natulutsa mapu. Anawatambasula pa boneti ya galimoto yawo, ndipo pamenepo ndinawaona ndi maso awo: mtsinje wokhotakhota, milatho yozunguzidwa ndi inki yofiira, mitanda pa nyumba zazikulu, zolembedwa zonse m'chinenero chachilendo. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwalozere dzina la mzinda pamwamba, mfuti inanditchinga, ndipo liwu lomwe ndinakhala ndikulibwereza miyezi yonse linatuluka lokha.

"Peremeso."

Onse awiri anabwerera m'mbuyo.

"Akamba Chipwitikizi," anatero woyamba uja.

Bana Mulenga anayesetsa. Anatuluka pa mzere, manja m'chiuno. "Imwe bana, kazitape wodya mbewa munamuonapo kuti? Uyu ndi mdala wa ku mgodi, taonani zikhatho zake." Anamuuza kuti abwerere pa mzere ngati sakufuna kutsala nafe. Anati mkulu wawo wapita ku Nyimba, abwera mawa, nkhani yanga aiweruza yekha. Dalaivala anadikira pang'ono, koma anayenera kuwoloka kusanade. Asilikali anati amayiwo akhoza kupita, mlandu ndi wa bambo.

"Pitani inu," ndinawauza aNabanda. "Mukalawire, mudzandipeza pano pobwerera."

"Kodi ku Katete ndinachokako ndekha?"

Anatsitsa sutikesi yawo nakhalapo. Basi ikunyamuka, bana Mulenga anatiponyera nsomba zinayi pawindo. "Mukapereke moni kwa Apapa," anakuwa, "ngati sakupachikani."

Anatisunga pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi tenti yawo. Sanatichite choipa. Wina anatipatsa moto wowotchera nsomba zija, n'kudya nafe imodzi. Kutacha tinadikirabe. Kuchigwako dzuwa limatentha lisanakwere n'komwe, ndipo ntchentche zake sizimva kuingitsa. Galimoto iliyonse yochokera kummawa ndinkaimirira, msilikali n'kundilozera pansi.

Mkulu wawo uja, sajeni, anafika cha m'ma naini. Anali munthu wonenepa, wotopa, ndipo atamva kuti Luangwa wa ku Kitwe anayamba kuseka asanafike n'komwe pomwe tinali. Anakulira ku Chimwemwe, komboni ina ya ku Kitwe komweko. Anandifunsa m'Chibemba ngati mayi uja wogulitsa munkoyo, thobwa la kumeneko, pafupi ndi msika akadali moyo. Anayang'ana mapu nawauza anyamata ake kuti awerenge milatho, kenako awerenge ya pa Luangwa. Komabe filimu anaisolola mu kamera, ndipo mapu anati atsala, chifukwa nkhani inali italembedwa kale ndipo akuluakulu adzafuna kuona chimene chinagwidwa. Ndinawayang'ana akuwapinda molakwika.

Linali Lachisanu, tsiku limene pa pepala langa tinayenera kukhala tikubwerera. Titawoloka mlatho wapansi tinapeza basi ya ku Lusaka itaima, anthu akusechedwa, mipando ina ikuoneka yopanda anthu.

"Amake Lukasi," ndinatero, "taonani basi iyo. Tikakwera, usiku uno tili pa Lusaka. Tayesa. Mulungu waona kuti tayesa. Tikabwerako ku Roma tidzapita bwinobwino, ndi mphatso, ndi zithunzi."

"Munateronso, a Mwale. Tikakhazikika tidzapita. Lukasi akayamba kuyenda tidzapita. Lukasi ali ndi ana awiri."

"Ndege sidikira munthu."

"Lole ijanso sinkadikira."

Ananyamula sutikesi yawo nayamba kukwera chitunda cholowera kummawa. Kondakitala wa basi ija anandikodola. Ndinaima pakati pa msewu, thukuta lili chuchuchu, mpaka aNabanda atatsala pang'ono kubisika pa khona. Kenako ndinathamanga, sutikesi ikundimenya m'mawondo.

Inatitola lole ya mchere yopita ku Chipata. Tinakwera pamwamba pa matumba. Dalaivala wake anali munthu wodziwika msewu wonse, ndipo limenelo ndilo linali vuto. Pa Kacholola anaima kupereka moni. Pa Nyimba anaima kugula nthochi, n'kulowa m'nyumba ina kuseri kwa sitolo, kutulukamo atasintha malaya. Pa mphambano ya ku Petauke panali matumba otsitsa, koma otsitsa ake anali atapita kumaliro. Ndinavula jekete n'kuyamba kusenza ndekha. Mwini sitolo anaima pakhonde nati sanaonepo wamtengatenga wovala tayi. Mchere unalowa m'mikwingwirima ya m'manja, ndipo pa Sinda ndinasenzanso.

Anatitsitsa chakuno kwa Katete dzuwa likulowa. Mudzi suli kutali ndi msewu. Ndinkaganiza kuti njira ndaiiwala, koma miyendo inkaidziwa. Damiano anatiwona tikudutsa m'munda wa thonje, anatichingamira natilandira masutikesi. Anthu anasonkhana, ena akulira, ena akufunsa kuti ndife yani. Chitseko cha apongozi chinali chotseka.

"Amva kuti mwafika," anatero Damiano atabwerako. "Ati alendo agone."

"Alamu, basi yomaliza imene ingatifikitse pa Lusaka nthawi yabwino ikudutsa mawa m'mawa."

"Ndawauza."

"Ndiye ati bwanji?"

"Ati alendo agone."

Loweruka ndinadzuka nkhuku zisanatsike. Masutikesi ndinawaika pa njinga ya Damiano, olozetsa kumsewu. Apongozi anayamba atasesetsa pabwalo, natumiza mwana kukapempha fodya, ndipo dzuwa linali litafika pa msonga za mitengo pamene anati tibwere.

Mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake, ndipo salankhula nawo mwachindunji. Ndinanjuta pambali pa nyumba, nkhope kuloza ku nkhokwe. ANabanda anagwada pakhonde. Damiano anakhala pakati, pafupi ndi chitseko chotsegula pang'ono.

"Amayi," anatero, "alendo aja abwera kudzalawira. Akupita ku Roma, kwa Apapa, pa ndege."

M'nyumba munatuluka mawu a apongozi, aang'ono kuposa kale, koma omwe aja.

"Akupita ndani?"

"Mlongo wangayu ndi amuna ake."

"Mwana wanga sangalawire ulendo ali pa ulendo wina. Ine ndinamutuma madzi. Sanabwere nawo."

Damiano anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana wotchi.

"Alamu," ndinanong'ona, "auzeni kuti basi..."

"Zimenezo iuzeni nkhokweyo," anatero Damiano osandicheukira.

ANabanda anaimirira. Anavula nsapato zimene anagulira ulendo wa ku Roma, naziika pakhonde moyandikana. Mkazi wa Damiano anathamanga kukatenga ndowa, koma mawu aja anatulukanso.

"Ndinamupatsa mtsuko."

Anapeza mtsuko. Chitsime chakale chija chinali chitaphwa, popeza inali nyengo yotentha, ndipo madzi ankatunga ku dambo, kuseri kwa manda. ANabanda anavula duku napinda nkhata, munthu amene kwa zaka zonsezo ankangotsegula mpopi pakhomo. Anatsika njirayo osafulumira. Palibe amene anawaperekeza.

Ndinatsala chinjutire. Nyerere zinkakwera pa nsapato zanga. Nkhuku inabwera, inandiyang'ana, inapita. Mawondo anayamba kuwawa, kenako anachita dzanzi. M'nyumba munkamveka kutsokomola kokha. Ndinawerenga mapaso a nkhokwe, ndinawerenganso. Ndinaganiza za wansembe akuitana mayina, za tinjira tija ta pansi pa Roma, za anyamata anga a ku mgodi ndi mmene adzandisekere.

Ndiye hutala ya basi inalira kumsewu. Inalira kawiri, motalika, monga amachitira akaona kuti pa siteji palibe munthu. Miyendo inaimirira yokha. Pa njinga ndikanafika. Ndikanamugwira dalaivala pamkono, ndikanamupatsa kanthu kuti adikire, kapena ndikanakwera ndi masutikesi kukauza wansembe kuti amayi akubwera m'mbuyo.

"Njinga ndi iyo, alamu," anatero Damiano motsitsa.

Ndinayang'ana njinga. Ndinayang'ana nsapato ziwiri zija pakhonde. Ndinanjutanso. Injini inalira, inasintha magiya pa chitunda, n'kumka nizilala mpaka ndinayambanso kumva njiwa.

ANabanda anatulukira patapita nthawi, dzanja limodzi pa mtsuko, bulauzi yonse itanyowa kutsogolo. Anagwada, natula, natunga ndi chikho. Pa chitseko panatuluka dzanja lowonda ngati nthambi, n'kulandira. Tonse tinamva akumeza.

"Wachedwa."

"Ndachedwa, amayi."

Chitseko chinatseguka ndipo aNabanda analowa chokwawa. Zimene zinamveka m'katimo sindilemba. Akazi amene anaima kuseri kwa nkhokwe anaphimba nkhope ndi zitenje. Patapita nthawi mawu aja anaitana.

"Damiano, ndamva basi yapita."

"Yapita, amayi."

"Nanga mkamwini uja?"

"Alipo."

"Basi yapita, iye alipo?"

"Ali pompano, pa dzuwa."

"Ali ndi mawu?"

Damiano anandiyang'ana. Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono monga ndinaphunzitsidwira ndili mnyamata.

"Auzeni kuti ndabwera kudzapempha mwana wawo. Ndikufuna kupita naye ku migodi. Tikachoka kumeneko, ku Roma."

Damiano anabwereza mawuwo limodzi limodzi, ngakhale kuti anali atamveka kale.

"Auze apite naye," anatero apongozi. "Kodi ku Romako madzi aliko?"

"Ati aliko."

"Akabwere nawo. Ndione ngati aphunzira kufulumira."

Za pobwerera ndingonena mwachidule, chifukwa zambiri ndinaziona ngati kutulo. Tinakhala pa msewu mpaka masana, ndipo inatitola lole ya thonje. Tinagona pa Kacholola, mlatho utatsekedwa. M'mawa wa Lamulungu msilikali wamng'ono uja atandiwona pamwamba pa mabelo anakuwa kuti, "Ba Luangwa abwera," n'kutikwezera mtengo wotchinga msewu osatisecha. Ndinasuzumira m'tenti mwawo podutsa. Mapu anga anali atawapachika ndi minga pa nsalu, pafupi ndi kalilole wometera ndevu.

Lole inawira ku Manenekela monga zimachitira zonse. Pa Chongwe ndinamulonjeza dalaivala kamera ngati atifikitsa pa bwalo la ndege penipeni, ndipo anatifikitsa, koma kamera anaikana. Wansembe tinamupeza panja, akuyendayenda ndi mapasipoti athu m'manja, anzathu onse atalowa kale. Suti yanga inali itamera thonje paliponse, kumutu komwe. Mayi wina wa m'kwaya anati a Mwale achita imvi sabata imodzi. M'ndege ndinagona tisananyamuke, choncho za kuuluka koyamba musandifunse.

Roma ndinamuyenda wopanda mapu, kumbuyo kwa gulu, ndipo sindinasochere. Tinjira ta pansi tija ndinatsikamo. Mwala wake ndi wofewa pokumba koma umauma ukaona mpweya, ndipo anakumba mopapatiza, denga lokhota. Ndinaligwira ndi dzanja mpaka wotiperekeza anandiletsa. Zina zonse zinali zazikulu monga amanenera. Koma chimene aNabanda ankaimirira pa ngodya iliyonse ndi mipopi yachitsulo ya m'misewu, yotuluka madzi usana ndi usiku popanda woitseka. Tsiku lomaliza anatsuka botolo katatu nalidzaza pa umodzi wa iyo, pafupi ndi mlatho wina mwa imene ndinaizunguza.

Titatera pa Lusaka anzathu anakwera sitima ya ku Kitwe. Ife tinapita kokwerera basi za kummawa. Kondakitala anati inyamuka manjemanje, ndipo ndinakhala pansi. Botolo ndinalinyamula ine, pamiyendo, lokulunga m'jekete ya suti ija.

Ndinanjuta pamalo pomwe paja, nkhope ku nkhokwe. Dzanja lija linatuluka, linalandira chikho. Tinamva akumeza, n'kulawanso kachiwiri.

"Ali ngati a ku dambo," anatero apongozi. "Koma awa sanachedwe. Damiano, uza mkamwini asunthire kuno ku mthunzi."